Sukulu Yosungira Alendo

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu anatopa asanawafike kuli ufumu wotchedwa Tidzaona. Anthu ake ndi aulemu kwambiri, koma ulemu wawo wonse amausungira alendo. M'nyumba iliyonse muli kabati ya galasi, ndipo m'kabatimo muli mbale zamaluwamaluwa ndi makapu a tiyi amene eni nyumba amangowaona ndi maso. Iwo amadyera m'mbale yachitsulo yopindika m'mbali. Bulangete latsopano limakhala m'pulasitiki yake mpaka njenjete zitatopa kudikira. Munthu wa ku Tidzaona akhoza kufa ndi chisanu mabulangete ali m'sutikesi, ndipo pamaliro pake anthu amamutama kuti anali wodziwa kusunga. Ngakhale mfumu yawo, Sungeni Wachitatu, inkakhala pa kampando kamatabwa pambali pa mpando wachifumu, poopa kuti wachifumuwo ungathe msanga.

Chaka china a Mlongoti, Nduna ya Maphunziro ndi Zamtsogolo, anabwera kuchokera ku msonkhano wa kunja ali ndi mawu atsopano odzaza m'kamwa. Anagwada pamaso pa mfumu n'kunena kuti maiko onse olemekezeka ali ndi ndondomeko ya maphunziro okhalitsa komanso okonzekera tsogolo, ndipo Tidzaona yekha ndiye akuyenda chimanjamanja. Mfumu inafunsa ngati ndondomekoyo imadya. A Mlongoti anayankha kuti iyo siidya, koma oilemba amadyako pang'ono.

Basi nduna zonse zinasamukira ku hotela ya Kampumulo, pamwamba pa phiri, kutali ndi sukulu iliyonse, kuti phokoso la ana lisasokoneze anthu oganizira za ana. Kumeneko anapanga komiti yolemba masomphenya, komiti yoona ngati masomphenyawo akuoneka, ndi komiti ina yoyang'anira nthawi ya tiyi, imene inagwira ntchito yake mokhulupirika kuposa zinzake. Nkhuku za m'midzi yozungulira phirilo zinathera m'ndondomeko imeneyi. Komabe ndisawanamizire akuluakuluwa, chifukwa zimene anagwirizana zinali zanzeru ndithu. Anati sukulu iliyonse ikhale ndi makalasi a njerwa zootcha, denga la malata, madesiki, magetsi a dzuwa ndi makompyuta. Akanati atsike phiri tsiku lomwelo, nkhani ino sibwenzi ilipo.

Koma pa tsiku lotseka, nduna ina yokalamba, imene inagona pa zokambirana zonse, inadzidzimuka n'kufunsa kuti zabwino zonsezi akukonzera yani. A Mlongoti anayankha monyadira kuti akukonzera tsogolo. Nkhalambayo inafunsanso ngati tsogololo lafika kale, ndipo anaiuza kuti ayi, lili m'njira.

"Ngati lili m'njira, ndiye kuti ndi mlendo," inatero nkhalamba ija. "Nanga mukufuna mlendo adzapeze madesiki okhalidwakhalidwa?"

Kenako nduna zonse zinaomba m'manja, zina zikupukuta misozi, poona kuti zinatsala pang'ono kuchititsa dziko manyazi. Gawo lomaliza la ndondomeko linalembedwa masana omwewo, ndipo linati sukulu zatsopano zimangidwe mwaluso, kenako zitsekedwe bwinobwino kuti zikhalitse.

M'mudzi wa Dikirani sukulu inamangidwa yokongola zedi, moyang'anana ndi mkuyu waukulu umene ana ankaphunzirira pansi pake. Mfumu inabwera yokha kudzatsogolera mwambo wotsekera sukuluyo. Ana anaimba, amayi anavina, ndipo mfumu inayankhula kuti maiko ena amatsegula sukulu n'kuziona zikutha, koma Tidzaona wapeza njira yoti sukulu izikhala yatsopano mpaka muyaya. Itatero inakhoma loko wonyezimira pachitseko n'kupereka makiyi kwa a Mpiringidzo, bambo wofatsa amene anapatsidwa udindo wa Wosunga Makiyi a Tsogolo. Mng'ono wawo anapatsidwa udindo womwewo pa sukulu ya ku Pirirani, mudzi wa kutsidya la mtsinje, poti ku Tidzaona nzeru za ntchito zimayenda m'magazi.

Pamsika wa Dikirani anthu anaikamba nkhaniyi mosangalala ndithu. Wogulitsa nyama anati ana a masiku ano ndi amwayi, chifukwa iye ankaphunzira pansi pa mtengo wopanda choyang'ana, pomwe awa akuphunzira pansi pa mtengo woyang'anana ndi sukulu. Mayi wina wa tomato anati mwana wake wasintha kale, poti tsopano amadziwa desiki akaiona pawindo. Telala anafunsa kuti tsogololo likadzafika adzalizindikira bwanji, ndipo anamuyankha kuti asade nkhawa, lidzayamba lafikira kunyumba ya mfumu monga amachitira alendo onse olemekezeka.

Munthu mmodzi yekha sanaseke nawo. Ameneyu anali Mayi Nasimango, mphunzitsi wamkulu wa pa Dikirani. Iwonso anaphunzira pansi pa mkuyu womwewo, ndipo aphunzitsi awo ankawauza kuti sukulu yabwino idzamangidwa ya ana a mtsogolo. Zaka zonsezi ankaganiza kuti ana a mtsogolowo ndi amene akuwaphunzitsawa. Mtima unkawawawa makamaka akayang'ana Ndaziona, mtsikana wochenjera kuposa onse m'kalasi yomaliza. Ku Tidzaona mayeso aakulu amalembedwa m'nyengo ya mvula, chifukwa nthawi ya dzuwa akuluakulu a mayeso amakhala ali kumisonkhano. Chaka chapitacho Ndaziona anayankha mafunso onse, koma mvula inagwa pakati pa mayeso, inki n'kusungunuka, ndipo oonkhetsa malikisi anamupatsa zimene amapatsa pepala lonyowa. Mayi ake anali atanena kale poyera kuti akalephera kachiwiri, sukulu yatha, akakhale pa benchi ya tomato. Zimene Mayi Nasimango ankafuna zinali zochepa. Ankafuna kuti mwanayo ndi anzake alembe mayeso pansi pa denga.

Anayamba ndi a Mpiringidzo, amene anawamvera chisoni kwambiri n'kuwalola kugwirako makiyi, koma osati kutsegulira. Kenako anakwera basi kupita ku likulu, ku Kumpando, kukaonana ndi a Mlongoti. Ndunayo inawalandira bwino, poti anali mlendo, n'kuwamwetsa tiyi m'kapu yamaluwa. Inawafotokozera kuti ana a lero sanaiwalidwe ayi, gawo lawo lilimo m'ndondomeko, kungoti lidzakambidwa mtsogolo. Mayiwo atanena za mvula, a Mlongoti anati komiti yoona za kusintha kwa nyengo yalemba kale kudandaula kwake pa khalidwe la mvulayo. Anabwerera kwawo tiyi ali m'mimba, mawu ali pakhosi.

Chizimalupsa, mvula yoyamba ija yozimitsa moto wa m'tchire, chinawapeza ali pakati pa masamu. Ana anakumbatira makope awo n'kuunjikana patsinde la mkuyu. Nthawi yomweyo pamsewu panatulukira bambo wina wogulitsa mikeka, wochokera kutali, akukankha njinga yake ali chinyowere. A Mpiringidzo atangomuona analumpha ngati aponda moto. Anamuthamangira, kumulandira njinga, kutsegula loko wonyezimira uja, kupukuta desiki ndi malaya awo, n'kumukhazika m'kalasi mwaulemu wonse. Bamboyo anavula nsapato, anayala miyendo, ndipo posakhalitsa anayamba kuliza mkonono. Ameneyu ndiye anali munthu woyamba kugwiritsa ntchito maphunziro okonzekera tsogolo m'mudzi wa Dikirani.

Mayi Nasimango anapita pakhomopo madzi akuchucha m'duku lawo, n'kufunsa kuti lamulo lija lapita kuti.

"Mayi, lamulo lilipo," anatero a Mpiringidzo modabwa. "Koma awa ndi alendo. Mukufuna ndisiye mlendo pamvula, anthu akamve kuti ku Dikirani kulibe ulemu?"

Mayiwo anayang'ana wamikeka uja, anayang'ana ana awo patsinde, ndipo ana amene ankawadziwa bwino anaona kuti aphunzitsi akumwetulira m'njira imene amamwetulira akapeza yankho la samu yovuta. Mvula itakata anawoloka mlatho kupita ku Pirirani kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu wa kumeneko, Bambo Thombozi, amene ana ake ankaphunzira pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi sukulu yokhoma ngati yomweyo. Bamboyu atamva nzeruyo anaseka mpaka kukhala pansi.

Lolemba lotsatira panachitika zimene Tidzaona anali asanaonepo. Ana onse a ku Dikirani anafola mzere kupita ku Pirirani, ndipo ana onse a ku Pirirani anafola mzere kubwera ku Dikirani. Anakumana pamlatho n'kupatsana moni mwaulemu, aliyense akufunira mnzake ulendo wabwino. A Mpiringidzo aakulu atatukula maso anaona khamu la ana achilendo litaima pabwalo, mitambo ikuda kumwamba. Anazungulirazungulira, anakanda m'mutu, koma magazi a Chitidzaona anawaposa mphamvu. Anagwada, anati takulandirani alendo, n'kutsegula. Kutsidya mng'ono wawo anachita chimodzimodzi.

Tsiku loyambalo ana ena anavula nsapato pakhomo, ena anakhala pansi pambali pa madesiki poopa kuwadetsa. Kamtsikana kena kanangokhala chete kakumvetsera mvula ikulira pamalata, kenako kanauza aphunzitsi kuti sikanadziwe kuti mvula imamveka bwino chonchi munthu ukakhala kuti sukunyowa. Makompyuta okha ndi amene anakhalabe m'mapulasitiki awo, chifukwa osunga makiyi anati amenewo ndi a alendo aakulu. Ndaziona anasankha desiki ya pafupi ndi windo ndipo kope lake linayamba kudzaza ndi zilembo zouma.

Pamsika nkhani inali yomweyo. Makolo anadandaula pang'ono kuti ana akudutsa sukulu ya pakhomo pawo kupita kutali, koma wanyama uja anati ndi mmene maphunziro enieni amakhalira, munthu amayenera kuwapita kutali kuti awamve kukoma. Wa tomato anati mwana wake wayamba kudzimva, akafika kunyumba akumafunsa ngati angadyere m'mbale ya m'kabati poti ndi mlendo wochokera ku Pirirani.

Chinthu chokoma sichibisika nthawi yaitali m'dziko la anthu osunga. A Mlongoti anabwera ndi atolankhani kudzajambula madesiki osakhudzidwa, ofunika pa lipoti la kupambana kwa ndondomeko, ndipo anapeza madesikiwo ali ndi ana pamwamba pake. Pa desiki ina panali pokandika. Ndunayo inatsamira khoma, anthu n'kuipatsa madzi. Pasanathe sabata Mayi Nasimango anaitanidwa kubwalo la mfumu.

A Mlongoti ananeneza mayiwo kuti awononga tsogolo lisanafike. Anati dziko linavutika, nduna zinagona kuphiri kutali ndi mabanja awo, nkhuku zinafa, zonsezi kuti tsogolo lidzapeze zinthu zatsopano, ndiye munthu mmodzi wangotenga ana wamba, ana a lero lomwe lino, n'kuwakhazika pamenepo. Mayi Nasimango anagwada n'kuyankha mofatsa kuti iwo sanatsegule chitseko chilichonse. Anangopita kukacheza kutsidya ndi ana awo, monga amachitira anthu okondana, ndipo eni mudzi anawalandira.

"Mfumu yanga, ngati talakwa, lamulani kuti kuyambira lero mlendo azisiyidwa pamvula," anatero. "Ife tidzamvera."

Bwalo lonse linagwira pakamwa. Ku Tidzaona munthu akhoza kuba ng'ombe anthu n'kumukhululukira, koma mawu ngati amenewa sanenedwa ngakhale moseka. Mfumu inasinkhasinkha nthawi yaitali pa kampando kake kamatabwa. Pomaliza inati nkhaniyi siikuidabwitsa kwenikweni, chifukwa ana ake omwe amaphunzira kunja kwa dziko, kumene ndi alendo, ndipo amalemba makalata kuti amakhala pamipando tsiku lililonse. Ana a nduna zonse nawonso ali komweko. Choncho inagamula kuti kuchezerana kwa ana kupitirire, ndipo kulowe m'ndondomeko monga nzeru ya a Mlongoti. Koma pofuna kuteteza tsogolo kwa eni dziko, inalamula kuti osunga makiyi azionetsetsa kuti wolowa m'kalasi ndi mlendo weniweni. Mwana aliyense amene amadyera m'mbale ya eni nyumba m'mudzi umene muli sukuluyo asalowe.

A Mlongoti anatuluka akulandira mayamiko, Mayi Nasimango anatuluka akuthokoza Mulungu, ndipo palibe anaganizira za Ndaziona.

Mayi ake a Ndaziona anali a ku Dikirani, koma bambo ake anali mkamwini wochokera ku Pirirani. Mlongo wa bambowo, Anankhoma, ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi sukulu ya Pirirani, ndipo analibe mwana wawowawo. Ndaziona anakulira pamsana pawo. Tchuthi chilichonse ankakhala kwa iwo, kuwatungira madzi, kuwasinjira chimanga cha zitumbuwa, ndi kudya nawo m'mbale yopindika ija. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi.

Lamulo latsopano linafika kwa osunga makiyi m'mawa wa tsiku la mayeso, kumwamba kutada bii. Ana a ku Dikirani analowa mmodzimmodzi, koma Ndaziona atafika pakhomo a Mpiringidzo aang'ono anatambasula dzanja. Anati pepani, koma mwana uyu ndi wa pano, iwo amamuona pamjigo ndi ndowa ya Anankhoma. Mayi Nasimango anati ndiye abwerere akalembere ku Dikirani, koma asanamalize anazindikira okha kuti kumeneko ndiye kwawo kwenikweni. Mwanayo anali ndi kwawo kuwiri, ndipo m'dziko lonse la Tidzaona panalibe denga limene akanaloledwa kukhala pansi pake. Anaima ndi cholembera chake m'manja, madontho oyamba akugwa pa yunifolomu yake.

Mayi Nasimango anachonderera, anakalipa, anachondereranso. Wosunga makiyi anali munthu wabwino, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti zikumupweteka, koma anati iye sangatsutse zimene maso ake amaona, pokhapokha eni ake a mwanayo atanena kuti maso akewo amanama. Anatuma munthu kukaitana Anankhoma, ndipo anabwera beseni la zitumbuwa lili pamutu. Atawafotokozera nkhani yonse, anatula beseni pansi n'kuyang'ana Ndaziona kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anthu a pamsika anali atasonkhana kale.

"Anankhoma, mwana uyu mukumudziwa?" anafunsa a Mpiringidzo.

"Sindikumudziwa."

"Koma mayi, chipumi chake ndi chanu chomwe."

"Zipumi m'dziko muno n'zambiri, bambo."

"Nanga amene amakutungirani madzi uja ndani?"

"Ana otunga madzi ndi ambirinso. Uyu ndikumuona lero."

A Mpiringidzo anawakumbutsa kuti mawu onenedwa pagulu sabwezedwa. Ngati mwanayu ndi mlendo, ndiye kuti akadzafika kunyumba kwawo azidzamukhazika pampando, kumupatsa mbale ya m'kabati, ndipo sadzapisanso naye dzanja m'mbale imodzi. Aliyense amene anakhalapo ku Tidzaona akudziwa kuti mbale yamaluwa ija ndi yokongola koma munthu amadyeramo yekha.

"Adzadyera m'mbale ya m'kabati," anatero Anankhoma. "Muloleni mwana wa eni ake alowe, nthawi ikutha."

Pagulupo panalibe amene anatsutsa. Mayi wina amene anathandiza kumusambitsa Ndaziona ali wakhanda anati nayenso nkhope imeneyi ndi yachilendo kwa iye, ndipo amuna angapo anavomereza kuti sanamuonepo chibadwire. A Mpiringidzo anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu. Anagwada pamatope n'kunena kuti takulandirani alendo, pepani ndi ulendo. Ndaziona analowa osacheuka, chifukwa ankadziwa kuti akangowayang'ana azakhali akewo, nkhope yake iulula zonse. Kunena zoona, m'nkhani zonse zoseketsa za dziko limeneli, apa pokha ndi pamene kuseka kumandithera.

Chitseko chinatsekedwa, mapepala anagawidwa, ndipo mvula inatsika yamphamvu. Anthu anabalalika kuthawira m'nyumba zawo. Mayi Nasimango anaima pakhonde la sukulu, poti iwo anali mlendo, n'kusuzumira pawindo. Ndaziona anali atawerama pa desiki yake akulemba mofulumira, pepala lili louma. Mayi Nasimango atatembenuka anaona Anankhoma ataima pabwalo pomwe paja, atavundikira zitumbuwa ndi chitenje, madzi akuyenderera kumaso kwawo, maso ali pawindo.

"Anankhoma, bwerani pakhonde pano, mudwala," anawaitana.

Iwo anapukusa mutu, osachotsa maso pawindopo.

"Ayi, aphunzitsi, khalani inu. Ine ndine wa konkuno."